Ulemu kwa a 255, mlonda wa pachipata

Tiyeni tiwaombere m'manja a VARCHAR(255), mlonda amene palibe anamulemba ntchito koma sajomba. Wolemba mapulogalamu a Java akangolemba String uthenga, n'kusiyira Hibernate kuti imumangire tebulo mu database, mkuluyu amabwera yekha n'kukhala pachipata. Lamulo la JPA ndi lomwelo: ukapanda kutchula kutalika, zilembo ndi 255 basi.

Ndi munthu wa mbiri yake. Byte imodzi imawerenga kuyambira 0 kulekeza 255, ndipo MySQL isanafike pa 5.0.3, VARCHAR inkathera pomwepo. Malirewo anachoka kalekale, koma agogowa anakana kupuma pa ntchito. Mu 2017 Twitter inakweza zilembo kuchoka pa 140 kufika 280, iwo osatekeseka n'komwe.

Chimene ndimawakondera n'chakuti amadana ndi zozungulira. Kasitomala akayamba dandaulo lake ndi moni, kufunsa za kunyumba, kuthokoza Mulungu chifukwa cha moyo, kupepesa kuti wasokoneza, iwo amakhala akuwerenga chamumtima. Pofika pa "vuto langa ndi lakuti ndala", mpeni watsika. MySQL ikakhala kuti strict mode ndi yozimitsa, amadula mwakachetechete, n'kusiya kachenjezo komwe palibe amakawerenga. Kampani imagona tulo tabwino, poti m'mabuku mwake mwadzaza moni wokhawokha. Kuyambira pa 5.7 strict mode imabwera yoyatsa kale, ndiye amangokana uthenga wonse: "Data too long for column". Kumeneko ndiye kulankhula mosapsatira.

Kuleza mtima kwawo nakonso n'kosowa. Nthawi yoyesa pulogalamu, anyamata akamalemba "test" ndi "asdf", amangoti dutsani bwana. Amadikira munthu weniweni wokwiya, makamaka Lachisanu madzulo.

Alipo ena osayamika amene amathamangira @Lob kuti awachotse pampando. Ayese pa PostgreSQL aone. Hibernate imatha kusandutsa gawolo kukhala oid, moti ukatsegula tebulo kuti uwerenge uthenga umangopezamo nambala, mawu enieniwo atasamukira ku pg_largeobject. Ukafufuta mzere, mawuwo amatsala komweko ngati ana amasiye, kudya malo mpaka wina akumbukire kuyendetsa vacuumlo. Ukawafuna kunja kwa transaction, akubweza. A 255 sanachitepo zachinyengo zotere. Akadula, chotsalacho umachiona ndi maso.

Pali mphekesera yoipa imene ndikupempha kuti isafike kwa achinyamata. Akuti ukalemba columnDefinition = "text", PostgreSQL imasunga uthenga wofika pafupifupi 1 GB, liwiro lake osasiyana ndi la VARCHAR. Ku MySQL, TEXT imanyamula ma byte 65,535, LONGTEXT mpaka 4 GB. Tangoganizani: dandaulo lonse kufika lathunthu, nambala ya risiti ili pomwepo, ndipo Lolemba m'mawa wina akuyenera kuliyankha.