Mbereko ya mwana wa kavalo

Akuluakulu adaletsa kugula mbereko mwana asanabadwe, koma iwo analibe foni. Masiku ano mbereko imakupeza uli gone pamphasa ku Nsefu, netiweki ikangobwerako usiku. Wina waponya pa WhatsApp chithunzi cha kavalo wamkazi wonenepa bwino, pansi pake n'kulembapo kuti ndi wobereka, mtengo tikambirana. Tambala woyamba asanalire, mlamu wathu wagula kale wamphongo m'mutu mwake, wabereketsa ana asanu, wagulitsapo atatu, ndipo akukangana ndi mayi a kunyumba za mtundu wa malata.

Sindikumuseka kwambiri ayi, chifukwa malonda amenewa alipodi ndipo ndi onona. Ku Newmarket, ku England, kampani ya Tattersalls, yomwe idayamba mu 1766, imagulitsa akavalo pa okushoni. Kufupi ndi komweko kumakhala Frankel, wamphongo amene adapambana mipikisano yonse 14 yomwe adathamanga, n'kupuma mu 2012. Chipumireni, ntchito yake ndi kukwera akavalo aakazi basi, ndipo mu 2024 mwini wa kavalo wamkazi ankalipira mapaundi 350,000 kuti apatsidwe mwayiwo. Kuno mkamwini amalima munda wa apongozi mpaka msana kupindika, zikomo osamumva. Uko mkamwini wa miyendo inayi amangotafuna udzu m'khola, akazi n'kumamulondola ndi ndalama.

Chimene mlamu waiwala ndi mwini chigwa. Gogo Chalo Nsefu atha kumupatsa malo omanga khola, koma chilolezo cha ziweto amadinda ndi kashembe. Kantchentche kameneka kakayamwa magazi a njiri kapena mbawala kamatenga tizilombo, n'kukatilavulira mwa ng'ombe kapena kavalo. Njiri imangopitiriza kufukula mizu ili phee. Kavalo amatentha thupi, miyendo n'kutupa, nthiti n'kuyamba kuwerengeka, kenako basi. David Bruce adatulukira tizilomboti ku Zululand cha m'ma 1895, ndipo mtundu wake umene umadwalitsa anthu kaodzera wopha msanga udadziwika mu 1910 m'magazi a mzungu amene adalumidwa m'chigwa cha Luangwa momwe muno. Nafenso tili m'mabuku, ngakhale tidalowamo kudzera mwa ntchentche.

Tsono werengani. Bere la kavalo limatenga miyezi 11, mwana n'kubadwa mmodzi. Kashembe miyezi yonseyo alibe nayo ntchito, amamaliza zake bere lisanaoneke n'komwe. Akakuphonya iyeyo pali mkango, umene sufunsa mapepala osonyeza kuti agogo ake a kavaloyo anali ndani. Mbuzi imabereka pakatha miyezi 5, kawirikawiri mapasa, koma ndani angaike tonde pa Facebook anthu n'kumuwombera m'manja?

Chopweteka n'chakuti abale ake a kavalo tili nawo tsidya lino lomwe. Mbidzi za Crawshay, zija za mizere yowirikana, zimadya msipu m'dambo, kuswana popanda dibi kapena jakisoni. Kungoti sizigulitsidwa, ndipo ukazikhudza ukafotokoza bwino kwa asilikali a nyama. Komanso zimaluma, zimaponda, goli sizilifuna, ngakhale Walter Rothschild adakakamiza mbidzi zina kukoka ngolo m'misewu ya London kuti anthu atuluke m'nyumba kudzaona. Mu 2019 ofufuza ena ku England adaveka akavalo nsalu za mizere yakuda ndi yoyera, ndipo ntchentche zoluma zinkasokonezeka pofuna kutera pansaluzo. Mlamu atamva zimenezi adakwera basi ya ku Chipata, n'kubwerako ndi zitenje za mizere. Telala akufunsa muyeso wa m'chiuno mwa kavalo, pomwe wogulitsa uja, chilandirireni ndalama ya chikole, nambala yake ikungoti yesaninso nthawi ina.

Chigwachi chidapeza kale malonda ake. Mu 1950 Norman Carr adakambirana ndi mfumu Nsefu ya nthawiyo kuti ipatule dera lina likhale la nyama, msasa wa alendo n'kutsegulidwa mu 1951, ndalama zake zikupita kwa Akunda. Carr yemweyo ndiye adatchukitsa zoyenda wapansi m'tchire kukaona njovu ndi mikango. Mpaka lero azungu amasiya akavalo awo kwawo, kukwera ndege mpaka pa Mfuwe, n'kulipira madola kuti wina awayendetse pansi dzuwa lili pamutu, mmene ife timayendera ulere popita kuchigayo. Kavalo akanabwera akanangotiwonongera msika.