Batani la Meta ndi Kalumo ka Mlendo

Akale anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ankanena zoona: munthu wochokera kutali amaona zimene eni mudzi anasiya kalekale kuziona, ndipo nthawi zina ndiye amamasula mfundo imene yakanika madoda pabwalo. Chimene akalewo anaiwala kutiuza n'chakuti mlendoyo akasolola kalumo kakeko, ndani apereke chibwano. Funso limeneli landisowetsa mtendere kuyambira tsiku limene mphwanga, mwana wa mlongo wanga, anabwera kudzakhala nafe pa holide n'kubwereka laputopu yanga kuti alembe kalata yofunsira ntchito.

Ndiyambe ndaulula mlandu wanga. Ine ndimalembera mu Emacs. Imeneyi ndi pulogalamu yolembera mawu ndi makodi, ndipo ndi nkhalamba yoti ambiri mwa inu mukanaigwadira popereka moni. Inabadwira ku MIT, m'chigawo cha Massachusetts ku America, m'chaka cha 1976, pamene Richard Stallman, Guy Steele ndi David Moon ankasonkhanitsa timalamulo tofupikitsa ntchito pamwamba pa pulogalamu ina yakale kwambiri yotchedwa TECO. Mtundu umene tikugwiritsa ntchito lero, GNU Emacs, unatuluka mu 1985. Chiyambire nthawi imeneyo makompyuta asintha nkhope kangapo, makampani abadwa n'kufa, koma nkhalamba iyi idakalankhulabe chinenero cha ubwana wake.

Mphwangayo analemba ndime yake yoyamba bwinobwino. Pofuna kusunga, anadina Ctrl ndi S, monga amachitira mwana aliyense wa masiku ano. Fayilo sinasungidwe. M'malo mwake, pansi pa sikirini panatuluka kamzere komufunsa mawu oti afufuze. Anaganiza kuti walakwitsa, ndiye anati abweze ndi Ctrl ndi Z. Zenera lonse linangoti zii, kusowa.

"Amalume," anatero atachotsa manja pakiyibodi, "kompyuta yanuyi munakaitenga kwa sing'anga?"

Ndinamulozera kapepala kamene ndinamata pakhoma zaka zapitazo. Pamwamba penipeni panalembedwa kuti kusunga fayilo ndi C-x C-s. Mwanayo ndi womvera. Analemba C wamkulu, kamzere, x, kenako C wina, kamzere, s, zonsezo m'kati mwa kalata yake, pansi pa mawu akuti "Okondedwa Bwana". Ndinamufotokozera kuti C ameneyo si chilembo ayi, akuimira batani la Ctrl: ugwire Ctrl n'kudina x, ugwirenso Ctrl n'kudina s. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa kuti kumudzi kuno mbuzi timaitcha nkhuku. Kenako maso ake anatsikira pamzere wachiwiri, pamene panali M-x.

"Nanga M ameneyu ndi ndani?"

"Meta."

"Ya Facebook ija?"

Sindikanamudzudzula, pajatu kampani ya Facebook inadzitcha Meta mu 2021, ndipo kwa iye dzinalo linayambira pomwepo. Ndinati ayi, ndi batani. Anaweramira kiyibodi n'kuyamba kuyenda ndi chala mzere ndi mzere, ngati wophunzira amene akufunafuna dzina lake pachikwangwani cha zotsatira za mayeso. Anafika kumapeto, anabwereranso. Anatembenuza laputopu kuti aone kunsi.

"Palibe, amalume."

"Dina Alt."

Anakhala chete pang'ono, ndipo ndinamva kalumo kakutuluka m'thumba. "Ndiye bwanji osangolemba kuti Alt?"

Batani la Meta linaliko ndithu, si nthano. Linayamba kuoneka pa kiyibodi ya akatswiri a ku Stanford cha m'ma 1970, kenako linafika ku MIT pa kiyibodi ya Tom Knight. Mu 1978 kunabwera chimphona cha makiyibodi onse, chimene anachipatsa dzina lachipongwe lakuti space-cadet. Chimenecho chinali ndi Control, Meta, Super ndi Hyper kumanzere, n'kubwerezanso omwewo kumanja, kuwonjezera Shift ndi ena otulutsira zilembo za Chigiriki. Munthu ankachiimba ngati limba la kutchalitchi. Makiyibodi a kampani ya Sun anasungabe Meta kwa zaka zambiri, atamujambula ngati kadayamondi. Koma dziko linatsata makiyibodi a IBM, ndipo pamenepo Meta analibe malo. Anamwalira mwakachetechete, Alt n'kulowa chokolo. Vuto ndi lakuti m'mabuku onse a Emacs dzina la malemu silinafufutidwe. Mkazi akuitanabe mwamuna watsopano ndi dzina la woyamba uja, ndipo mwamunayo amavomera.

Apa ndi pamene Mchewa ali ndi mwayi woseka kuposa Mzungu. Kwa anthu a ku MIT, Meta ndi mawu a Chigiriki olemekezeka. Kwa ife ndi lamulo: meta! Ndiye taganizirani gulu la madoda otchuka ndi ndevu zofika pachifuwa, mtsogoleri wawo Stallman ali patsogolo ndi zake zosadziwa lumo, akuteteza ndi mtima wonse batani limene dzina lake likuwauza kuti apite kwa ometa. Ndiponso kwathu maliro akatha pamakhala kumeta, kuti anamfedwa amasuke ayambenso moyo. Maliro a batani ili anachitika kalekale, koma mpaka lero abale sanamete.

Mphwangayo sanali woyamba kufunsa funso lakelo. Mkangano umenewu umabuka kawirikawiri pakati pa anthu a Emacs, ngati mlandu wa malire a munda. Achinyamata amati dziko lonse limalemba Ctrl+S ndi Alt+X, zimene munthu amaziwerenga pabatani penipenipo, ndiye chovuta n'chiyani kulemba Ctrl+x Ctrl+s? Amati mlendo akangoona M-x tsiku loyamba amatseka chitseko n'kupita kwa oyandikana nawo, kumene mapulogalamu ngati VS Code amamulandira ndi chinenero chimene akuchidziwa kale. Ndinene mosabisa, pena akunena zoona. Mu Emacs S wamkulu ndi Shift, s wamng'ono ndi Super, ndiye S-a ndi s-a ndi anthu awiri osadziwana. Palinso H- woimira Hyper, batani limene ambiri a ife tidzafa tisanalikhudze. Akalemba kuti DEL sakunena batani lolembedwa Delete, akunena Backspace. Kudula mawu amati kupha, kumata amati kutsomphola, ndipo zonse zimene wapha zimakasonkhana pamalo otchedwa kill ring, kumene ukhoza kuzidzutsa imodzi imodzi. Chimene anthu onse amachitcha window iwo amati frame, ndipo window yawo ndi chipinda cha m'kati mwake. Mwana wa mlongo wanga anati si pulogalamu imeneyi, ndi dambwe.

Komabe ndinaimirira kuteteza mudzi, poti ndevu nanenso ndili nazo. Ndinamuuza kuti kalumo kake n'kakuthwa koma sakudziwa pamene pali njerewere. Choyamba, Emacs ili kale ndi A- woimira Alt, amene ndi wosiyana ndi Meta. Ukasintha M kukhala Alt, pabwalo pakhala a Alt awiri, ndipo wina ayenera kusamuka. Komanso Alt weniweniyo si mfumu ya dziko lonse: pa makompyuta a Apple batani limenelo amalitcha Option. Ndipo ukamagwira ntchito pa kompyuta yakutali kudzera pa terminal, pamene Alt nthawi zina samveka, umadina Esc n'kusiya, kenako x, Emacs n'kumva kuti wanena M-x. Choncho M si dzina la batani, ndi udindo. Ali ngati unyakwawa: munthu amasintha, dzina limakhala.

"Nanga kamzereko?" anafunsa. "Bwanji osaika chizindikiro chophatikizira, ngati anthu?"

Ndinamuonetsa lamulo lokulitsira zilembo pasikirini, C-x C-+. M'kalembedwe kake likanakhala Ctrl+x Ctrl++, mapulasi awiri ataimirira limodzi ngati mapasa, osadziwika wamkulu ndani. Ndinamwetulira mopambana. Iye anafunsa kuti nanga lochepetsera zilembo limalembedwa bwanji. Ndinatsokomola. Limalembedwa C-x C--. Aliyense anadzicheka ndi lumo lake, ndipo tinagwirizana kuti mfundo imeneyo tiikwirire.

Chifukwa chachikulu n'cholemera kuposa zonsezi. Munthu aliyense wa Emacs ali ndi fayilo yake, ena amaitcha .emacs ena init.el, mmene analembamo zofuna zake zonse, ndipo ena akhala akuilima fayiloyo kwa zaka makumi atatu ngati dimba. M'menemo mwadzaza ma C-c ndi ma M-. Onjezani buku lamalangizo la masamba mazanamazana, mapulogalamu owonjezera masauzande olembedwa ndi anthu ongodzipereka, ndi mayankho onse amene anthu anapatsana pa intaneti chiyambire. Ukasintha kalembedwe lero, mlendo wa mawa adzayenera kuphunzira zinenero ziwiri m'malo mwa chimodzi: chatsopano choti awerengere pasikirini, ndi chakale choti amvere makolo. Agogo anga anapitiriza kutchula K2 kuti paundi zaka zambiri kwacha itabwera mu 1971, ndipo ife adzukulu tinkachita masamu awiri pogula sopo mmodzi.

Sikuti eni mudzi sanayesepo kulandira alendo. IBM inatulutsa malamulo ake a kagwiritsidwe ntchito ka mabatani, otchedwa CUA, mu 1987, ndipo dziko linazolowera kudula ndi X, kukopera ndi C, kumata ndi V, monga Apple inayambira. Emacs inalingalira nkhaniyi modekha, ndipo mu 2007, pa Emacs 22, inalowetsa cua-mode m'nyumba. Koma C-x ndi C-c ndiwo makomo aakulu a malamulo ena mazanamazana, sangangoperekedwa kwa mlendo. Ndiye anagwirizana zogawana: ngati wasankha mawu, C-x adula, ngati sunasankhe, ndi khomo lakale lija. Ndipo ngati wasankha mawu koma ukufunabe khomo, uyenera kudina batani lotsatira msangamsanga, gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi lisanathe. Ndinayesa zimenezi sabata imodzi. Zala zanga zinkaima pakati panjira kufunsana kuti lero tili mbali iti. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndinavumbwa mpaka ndinabwerera kuphanga lakale.

Zimene zinachitika mu 2023 ndiye zimandikomera kwambiri. Emacs 29 inabwera ndi njira yatsopano yoikira mabatani, yotchedwa keymap-set, ndipo inakonzadi kalembedwe. Mukuganiza kuti anachotsa M? Anamukhazika pampando wabwino. Chimene anachita ndi kukhwimitsa lamulo: njira yovomerezeka yolembera ikhale imodzi, ndipo ukaphatikiza mabatani angapo uwatchule motsatana bwino, A, C, H, M, S, kenako s wamng'ono. Ngakhale Hyper, amene manda ake anamera kale msipu, anamusungira malo pamndandanda. Mlendo anabwera ndi kalumo, madoda anakalandira ndi manja awiri, anathokoza, n'kukagwiritsa ntchito posongola zipeso za ndevu.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinamuuze mphwanga, chifukwa malume saulula zonse. Zifukwa ndatchulazi n'zoona, koma pansi pake pali china chosaoneka bwino. Ine ndinavutika kuti ndiphunzire zimenezi. Kachala kanga kakumapeto kanapweteka miyezi, chifukwa pa makiyibodi a ku MIT batani la Control linali pafupi ndi batani lalitali la mpata, pamene pa athuwa linakankhidwira kungodya, kumene kachala kofooka kuposa tonse ndiko kamatumidwa tsiku lonse. Matendawa ali ndi dzina lake lodziwika, Emacs pinky. Ndinaloweza kuti C-g ndiye pothawira zinthu zikavuta, ndiponso kuti C-M-% imafuna zala zinayi nthawi imodzi, Ctrl, Alt, Shift ndi 5, ngati ukugwira nkhanu. Ndiye abwere mwana wa dzulodzuloli, awerenge Alt pasikirini, adine Alt, zitheke? Popanda kulira ngakhale pang'ono? Wometa aliyense amafuna kuti wosameta alawe kaye zimene iye analawa, ndipo ambiri a ife tikamati tikuteteza mwambo timakhala tikuteteza zipsera zathu.

Kalata ija inalembedwa, ngakhale tinachita kufufutamo C-x C-s pansi pa "Okondedwa Bwana". Atamaliza anafuna kutseka pulogalamuyo, ndipo ndinamusiya dala avutike kwa mphindi zingapo ndisanamuuze kuti ndi C-x C-c. Sanayankhe. Anapita kuchipinda, anabwera ndi kachidutswa ka pulasitala ndi bolopeni, n'kuweramira laputopu. Ndinkaganiza kuti akukonza kapepala kanga kapakhoma kuti kagwirizane ndi dziko. Ayi ndithu. Anamata pulasitalayo pa batani la Alt n'kulembapo ndi zilembo zazikulu kuti META.

"Ngati simukufuna kusintha buku, amalume, tisinthe kiyibodi."

Madzulo ake mayi akunyumba anabwera ndi tiyi pamene ndinali kulemba. Anaika kapu patebulo, maso awo n'kugwera pa kapulasitala kaja. Anawerenga, anayang'ana chibwano changa, anawerenganso.

"Mwaona, bambo," anatero akutuluka, "ine ndakhala ndikunena chaka chonse. Tsopano ngakhale kompyuta yatopa nazo."