Kwa a Corleone ine ndikanakhala wophika buledi

Mwamuna aliyense amene waonera The Godfather amagwidwa ndi nthenda imodzi: mawu amasasa. Amayamba kulankhula chapansipansi, chibwano atachitulutsa, akukanda tsaya ngati akuganiza zakuya, chonsecho akungofunsa komwe kuli rimoti. Ine itandigwira, mayi a kunyumba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kulowa kukhitchini. Anatulukako ndi madzi otentha a mandimu ndi jinja. "Imwani bambo, chifuwacho chisanalowerere."

Gwero la mliriwu ndi Marlon Brando, amene mu 1972 anasewera ngati Vito Corleone, nkhalamba yobadwira ku Sicily yolamulira banja la zigawenga mumzinda wa New York. Nkhaniyo inachokera m'buku la Mario Puzo la 1969, ndipo anaisandutsa filimu ndi Francis Ford Coppola. Brando anali asanakwanitse n'komwe zaka 50, koma anadzikalambitsa mwaluso mpaka anamupatsa mphoto ya Oscar. Iye n'kuikana! Zimenezi zimandizunguza mutu ine, munthu amene sindinakanepo ngakhale Fanta wofunda wa pachinkhoswe.

Anthu amati iyi ndi filimu ya mfuti. Ine ndimati ndi ya chibale, mfutizo zimangoperekeza. Taonani mmene imayambira. Ndi mu 1945, pa ukwati wa Connie, mwana wamkazi wa Vito. Kunja anthu akuvina, vinyo akuyenda, koma bambo wa mkwatibwi ali m'chipinda cha mdima akumva madandaulo, poti mwambo wa kwawo salola kukana pempho pa tsiku lotere. Woyamba ndi Bonasera, wokonza mitembo, amene mwana wake wamkazi wavulazidwa ndi anyamata awiri ndipo khoti langowamasula. Vito akumvetsera uku akusisita mphaka pamiyendo, mphaka wosokera amene Coppola anangomutola pamalo ojambulira. Ndiye chimene chamuwawa mkuluyu n'chiyani? Ndalama ayi. Akudandaula kuti Bonasera sabwera kudzacheza, ndipo sanamuitanepo kunyumba ngakhale kukamwa khofi. Amalume anga enieni amenewo, kungosiyana suti.

Inenso paja ndine mwinimbumba, ndipo mzere wa odandaula ndimaudziwa. Wina fizi, wina feteleza, wina mwamuna wake wathawira ku Joni. Kusiyana kwathu n'kwakuti Vito akathandiza munthu, imeneyo ndi ngongole, ndipo tsiku lobweza limafika. La Bonasera linafika usiku wina pamene anamubweretsera mtembo wa Sonny, mwana woyamba wa Vito, utabooledwa ndi zipolopolo, kuti aukonze mayi ake asauone choncho. Anga ongongola akabweranso amadzandionetsa foni yatsopano imene agula, n'kupempha ya minibasi yobwerera.

Choncho za u-Vito ndinazisiya. Michael nayenso sindingamuthe. Uyu ndi mwana wophunzira wa Vito, woseweredwa ndi Al Pacino, msilikali wobwera kunkhondo amene analumbira kuti za bambo ake sizimukhudza, kenaka n'kukatola mfuti yobisidwa m'chimbudzi cha lesitilanti, kuwombera Sollozzo wogulitsa mankhwala ozunguza bongo pamodzi ndi mkulu wa apolisi McCluskey. Nditasanthula banja lonse ndi olowamo ake, ndinapeza kuti malo anga ndi a Enzo.

Ambiri samukumbukira Enzo. Ndi mnyamata wophika buledi amene Vito anamuthandiza kuti asabwezedwe ku Italy. Atamva kuti mkuluyo waomberedwa akugula malalanje, Enzo ananyamula maluwa usiku kupita kuchipatala kukazonda. Anapeza chipatala chili zii, alonda onse achotsedwa, kwatsala Michael yekha, ndipo adani ali m'njira kudzamalizitsa ntchito. Michael anamutayitsa maluwa aja, n'kumuimika pakhomo, kolala ya jekete ataidzutsa, dzanja litapisa mkati ngati muli mfuti. Galimoto ya achiwembu inafika pang'onopang'ono, inaima, anthu m'katimo anasuzumira, kenaka inapitirira. Enzo anatulutsa ndudu kuti mtima ukhale pansi, koma manja anali gwedegwede, moto osayaka. Michael anamuyatsira, n'kuyang'ana manja akeake, n'kuona kuti sakunjenjemera ngakhale pang'ono. Popanda wolankhula liwu, tonse tadziwa amene adzalowe ufumu. Ndipo ine ndadziona ndekha: munthu wongopita kukazonda matenda, n'kupezeka waimikidwa kutsogolo pa mlandu wa eni ake. Pa milandu ya maukwati a abale anga zimandichitikira kawirikawiri, maondo akuombana m'buluku, nkhope yokha ili gwa.

Gawo lachiwiri la filimuyi, la 1974, limadutsa maola atatu, ndipo limafuna munthu wodya kale nsima. Robert De Niro akusewera Vito ali mnyamata, amene anafika ku America mu 1901 ali mwana wa zaka 9, wamasiye, atathawa mfumu ya zigawenga yomwe inapha makolo ake ndi mkulu wake. De Niro analankhula pafupifupi filimu yonse m'chilankhulo cha ku Sicily ndipo naye analandira Oscar pa munthu yemweyo amene Brando anapatsidwira. Koma chimene chimandisowetsa tulo ndi Fredo. Akulu amati chibale ndi fupa, sichiola. Michael mwambiwu sanaumve. Fredo, mkulu wake wofooka uja, anam'pereka kwa adani chifukwa chotopa ndi kutumidwa ndi mng'ono wake. Michael anadikira mpaka mayi awo atamwalira, anam'kumbatira pamaliro pomwepo, kenaka n'kutuma munthu kukamuwombera m'bwato akuwedza pa nyanja ya Tahoe. Mng'ono wanga ali ndi galimoto ndi nyumba ya mpanda, ine ndili ndi ngongole yake. Chaka chatha anandiitana kuti tikapume kunyanja. Ndinapita ndithu, koma bwato ndinalikana, ndinati ndimachita chizungulire.

Gawo lachitatu, la 1990, anzanga amalinyoza, makamaka chifukwa cha Sofia, mwana wa Coppola, amene anamuponya mwadzidzidzi pamalo a Winona Ryder atadwala. Ine ndimalikhululukira. Michael wakalamba, ali ndi shuga, akufuna kugula chikhululukiro popereka madola 100 miliyoni kudzera ku Tchalitchi, ndipo akuulula kwa kadinala kuti anaphetsa mwana wa mayi ake. Amene akusowamo ndi Robert Duvall, yemwe ankasewera ngati loya wa banjali, Tom Hagen. Iye anakana kubwereranso chifukwa sanagwirizane nawo pa malipiro, ndipo pa anthu onse a m'mafilimu atatuwa ndi yekhayo amene maganizo ake ndimawamvetsa bwinobwino.

Mayi a kunyumba anaonera nane gawo loyamba lokha. Limathera pamene amuna akupsompsona dzanja la Michael, wina n'kutseka chitseko, mkazi wake Kay atatsala kunja. Ndinayembekeza kuti amva chisoni, koma iwo anangoti, "Kodi kani n'zotheka?" Loweruka lotsatira amayi a banki m'khonde anasonkhana pabalaza pathu kudzagawana ndalama. Ndinangoti ndilowe nditenge nyuzi yanga, msungichuma anadzuka mwaulemu, nati, "Pepani bambo, tili pa zokambirana," n'kukankha chitseko. Ndinakhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa, nditagwirizira mwana wa eni ake amene anandinyowetsa buluku.