Kuno ndine mkamwini, amalume

Okondedwa amalume,

Lamulo lanu lija, loti mwana wa mlongo wanu wabwera ku Joni kudzawerenga osati kudzachita ndale, ndaliyesa mbali zonse ndipo ndapeza kuti ndi labwino koma silingatheke. Pa mayunivesite a kuno ndale sizidikira kuti uzifune. Zimagona nawe m'hositelo, zimakudikira pa geti, ndipo mwezi wa February, nthawi yolembetsa, zimatseka geti lomwelo. Kuti mumvetse malo anga, ganizirani za amuna aja anabwera kudzakwatira m'mudzi mwathu kuchokera ku Thumbwe kapena ku Namitambo. Wophunzira wochokera kunja kuno ndi mkamwini. Amalima, amadya, amamutchula mlamu pa nthawi ya chisangalalo, koma nkhani ya munda ikayambika amamuuza kuti akaone ngati mbuzi zalowa m'khola.

Mbumba ya kuno ndi yolongolola kwabasi, ndipo kulongolola kwake kumapindula. Mu March 2015 mnyamata wina wa pa yunivesite ya Cape Town, Chumani Maxwele, anathira zonyansa za m'chimbudzi pa chiboliboli cha Cecil Rhodes, ndipo mwezi wotsatira chibolibolicho chinanyamulidwa. Mu October chaka chomwecho a pa yunivesite ya Wits anamva kuti fizi ikwera ndi 10.5 peresenti, nayambitsa ziwonetsero za Fees Must Fall zomwe zinafika mpaka ku Union Buildings ku Pretoria. Pa 23 October pulezidenti wa nthawiyo Jacob Zuma analengeza kuti fizi sikwera. Mu December 2017 anawonjezera kuti ana ochokera m'mabanja opeza zosapitirira R350,000 pachaka aziphunzira ulere. Kumeneko ndiye kukolola, amalume, nkhokwe mpaka pakamwa. Koma makiyi a nkhokweyo ali ndi bungwe lothandiza ophunzira la NSFAS, ndipo NSFAS imafunsa chiphaso cha ku South Africa. Mkamwini anapuma nawo utsi wokhetsa misozi, makalasi ake anaimanso, mayeso ake anasunthidwanso, koma pogawa zokolola anamupatsa ntchito yogwirizira thumba.

Mwina muti, ndiye bwanji osangokhala phee m'chipinda? Chete wa mkamwini amathandiza pa milandu ya pabwalo, koma moto ukagwira denga sufunsa kuti wobadwira pano ndani. Mu March 2021, pomwe apolisi amabalalitsa ophunzira odandaula za ngongole za fizi ku Braamfontein kuno ku Joni, amene anawomberedwa n'kufa ndi Mthokozisi Ntumba, bambo wongodutsa amene amachokera ku chipatala. Sanali pa ziwonetsero. Choncho wosamvetsera ndale kuno amakhala wosadziwa msewu woyenera kuulambalala lero. Komanso masankho a atsogoleri a ophunzira si masewera ngati kusankha kapitawo wa kalasi. Amapikisana ndi a SASCO ogwirizana ndi chipani cha ANC, a zipewa zofiira a EFF, ndi a DA, aliyense ndi nyimbo zake, ndipo wopambanayo ndiye amakambirana ndi akuluakulu za malo ogona ndi ngongole. Mkamwini wanzeru amadziwa kuti apongozi akwiya ndi chiyani asanapemphe mchere.

Ena anganene zosiyana ndi zanu, kuti munthu wa ku Chiradzulu sayenera kuchita mantha, poti John Chilembwe ndi wathu ndipo nkhope yake timayenda nayo m'thumba. Zoona. Iye anapita ku America mu 1897, naphunzira ku Lynchburg, koma sanakagwetse chiboliboli cha munthu kumeneko. Anabwerera mu 1900, namanga ku Mbombwe, ndipo mkwiyo wake wa 1915 anauonetsera pa nthaka yakwawo. Orton Chirwa ndi Masauko Chipembere anaphunzira ku Fort Hare konkuno, natola nzeru za ndale, koma chitaganya anakalimbana nacho ku Nyasaland. Onsewa anali akamwini odziwa kuti khasu limanoledwa kwa apongozi, munda wa iwe mwini uli kwanu. Ndiye mfundo yanga ndi iyi: makutu ndi maso zikhale pa msonkhano, miyendo isalowe mu toyi-toyi, gule wawo uja wodumpha ngati pansi patentha. Mwini mudzi akamangidwa amatuluka mawa lake anzake akumuimbira. Mkamwini akamangidwa, viza yake ndiyo imayamba kuyankha mlandu, ndipo chikamwini chikatha mukudziwa inu katundu amene munthu amatuluka naye: bulangete, khasu, basi.

Ndipo si mkamwini aliyense amene amalandiridwa. Pa kampasi amatitcha abale a mu Africa, amakamba bwino za umodzi mpaka kumva kukoma. Ukangokwera minibasi n'kuyankha Chingerezi pomwe wafunsidwa m'Chizulu, ubale uja watsala pa geti. Mu 2008 anthu 62 anaphedwa pa zipolowe zothamangitsa obwera, mu 2015 boma lathu linachita kutumiza mabasi kudzatenga Amalawi, ndipo masiku ano kuli a Operation Dudula odana ndi obwera. Komabe wakwatira kwa mphenzi saopa kung'anima.

Amalume, musagulitse dimba la kumtsinje. Ndamva kuti nkhaniyi yayamba kukambidwa chifukwa cha fizi yanga, ndipo sindikugona nayo. Ndikudziwa mmene zinthu zilili. Mgwirizano wa SADC umati tizilipira fizi yofanana ndi eni dziko, koma pamwamba pake pali ndalama ya ophunzira akunja, pali medical aid imene popanda iyo viza satipatsa, ndipo gawo lalikulu amalifuna munthu usanalembetse. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama imene mumaisonkha kumeneko ikasanduka ma rand imachita manyazi. Koma dimbalo ndi limene linadyetsa amayi ndi ana chaka cha namondwe Freddy, minda ya kumtunda itakokoloka. Digiri ingadikire chaka, mimba ya ana siidikira. Viza imandilola kugwira ganyu maola 20 pa sabata, ndipo ndikuyang'ana kumeneko. Zikakanika ndidzakuuzani ndekha, musamve kwa anthu a pa basi.

Amayi musawauze za utsi wokhetsa misozi uja, muwauze kuti ndikudya bwino, ngakhale ufa wa kuno ndi woyera mopanda fungo la mphale. Wina wodalirika akamabwera, mumupatsire nandolo wouma ndi kalongonda pang'ono, ndipo mundiuze mtengo wa feteleza pa Njuli mwezi uno.

Ine mwana wa mlongo wanu,
ku Johannesburg