Msonkho wa Achibale Sutsika

Ku Britain boma limakuthokoza ukagawa nyumba. Msonkho wa VAT kumeneko ndi 20 peresenti, koma munthu akatenga nyumba ya banja limodzi n'kuisandutsa nyumba ziwiri kapena zitatu zoima pazokha, kontilakita amangomulipiritsa 5 peresenti pa ntchitoyo. Akuti cholinga n'chakuti malo okhala achuluke. Nkhaniyi anandiuza pa WhatsApp ndi mwana wa mlongo wanga amene amasamalira okalamba ku Leeds, ndipo inandipweteka mtima. Ife kuno ku Mbamba Bay takhala tikugawa nyumba chibadwire, ndi chingwe ndi chitenje, popanda wina wotiuza ngakhale zikomo.

Komabe nzeru ya ndalama ikalowa m'mutu mwa munthu wosauka situluka ndi tulo. Chichokereni pamene dera lathu la Nyasa linadulidwa ku Mbinga n'kukhala boma palokha mu 2012, alendo sakutha kuno. Msewu wa makilomita 66 wochokera ku Mbinga unathiridwa phula, ndipo mu Seputembala 2024 Pulezidenti Samia Suluhu Hassan anabwera kudzaika mwala wa maziko a doko latsopano. Aphunzitsi, madalaivala a malole, akalaliki, onse akufuna pogona. Ndinayang'ana nyumba imene malemu bambo anga anasiya, ndipo m'maso mwanga inagawika patatu: ine pakati, anthu a lendi uku ndi uku, ndalama zikulowera mbali zonse.

Ndinakwera basi kupita ku Mbinga kukagula simenti. Mwini shopu atalemba lisiti, ndinatsokomola kaye ngati munthu wodziwa malamulo.

"Achimwene, msonkhowo muuchepetse. Simentiyi ndi yogawira nyumba."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku patapata. "Bambo, kuno ndi Tanzania, VAT ndi 18 peresenti. Thumba la simenti silidziwa kumene likupita. Kaya mukamangire tchalitchi, kaya khola la nkhumba, mtengo ndi womwewo."

Madzulo ndinamuimbira wa ku Leeds uja kuti andipatse mfundo zobwezera. M'malo mwake anandimaliza. Akuti ngakhale kwawoko, ukakagula wekha simenti m'shopu umalipira 20 yonse; kuchotserako kumadzera mwa kontilakita wolembetsedwa ku boma. Mmisiri wanga ine chikalata chake ndi pensulo ya kukhutu. Anawonjezera kuti nyumba iliyonse iyenera kukhala yokwanira payokha, yopanda chitseko chamkati cholowera kwa mnzako. Pa pulani yanga, chimbudzi chinali chimodzi kuseri kwa mtengo wa mango, ndipo wa lendi wofuna kukaphika ankayenera kudutsa pabalaza panga n'kundipatsa moni.

Sindinabwerere m'mbuyo. Njerwa zinabwera, mchenga tinatuta, makoma awiri anakwera, zitseko zatsopano zinaboola mbali zonse. Chimene ndinaiwala n'chakuti phokoso la nyundo limamveka kutali kuposa belu la tchalitchi. Abambo aang'ono anatsika ku Liuli. Azakhali anachokera ku Lituhi. Msuweni wanga wa kutsidya ku Nkhata Bay, amene pa maliro a bambo anangotumiza uthenga, anapeza ulendo wa panyanja sabata yomweyo.

Msonkhano unachitikira pansi pa mango uja. Ine ndinafotokoza za chitukuko, za doko, za tsogolo la ana. Onse anagwedeza mitu mwaulemu. Kenako azakhali anakonza mpango wawo.

"Mwana wa mlongo wanga, wachita bwino kwambiri. Mchombo wanga unakwiriridwa pakhomo pano. Ndinkasowa pofikira ndikabwera kuchipatala."

Abambo aang'ono nawo anakumbukira kuti mnyamata wawo akudikira ntchito kudoko, ndipo si bwino mwana wa pakhomo azilipira lendi kwa anthu a eni nyumba ya agogo ake ili apa. Msuweni sanapemphe chipinda. Anangopempha posungira maukonde ndi injini ya boti, zimene pano zili pansi pa bedi langa.

Lero nyumba yagawikadi patatu. Kumanzere kuli azakhali, amene anachira kalekale koma akuti mphepo ya kuno ikuwayanja. Kumanja kuli mnyamata uja, amene akudikirabe ntchito, ndipo podikirapo wakwatira. Lendi imene ndalandira mpaka pano ndi kambale ka usipa, ufa wa kondowole pang'ono, ndi pemphero lalitali londipempherera mtima wopatsa.

Wa lendi weniweni anabwerapo, mphunzitsi waulemu, ndalama za miyezi ingapo zili m'manja. Ndikumuonetsa zenera, azakhali anatulukira pakhonde n'kufunsa mokweza kuti oyandikana nafe amve: "Kodi wayamba kundigulitsa ndili moyo?" Mphunzitsi anapepesa kwa iwo, anapepesa kwa ine, n'kubweza ndalama zake m'thumba. Ndinamuperekeza mpaka kumsewu ndikuyang'ana thumbalo.

Palinso nkhani ya magetsi. Kuyambira 2021 msonkho wa nyumba m'dziko muno unayamba kudulidwa pogula mayunitsi a LUKU, ndipo poyamba unali mashilingi 1,000 pamwezi pa nyumba wamba. Ine, pofuna kuchenjera, ndinasiya mita imodzi ya nyumba yonse m'dzina langa. Ndiye msonkho ndi wanga, simbi ya mlamu ndi yanga, wailesi ya azakhali imene imalalikira usiku wonse ndi yanganso. Mayunitsi akatha, makoma amene ndinamanga kuti atilekanitse amasanduka ng'oma: kumanzere gu gu gu, kumanja gu gu gu, ine pakati ndikufufuza foni mumdima.

Mayi a kunyumba salankhula zambiri, koma tsiku lina akupala nsomba anati: "Abambo, kale tinali ndi nyumba yaikulu ndi alendo obwera n'kupita. Pano tili ndi chipinda chimodzi ndi alendo okhala ndi makiyi." Ndinayesa kuwafotokozera za ku Britain. Anandipatsa mpeni kuti ndipitirize kupala.

Choncho inu amene mukuona malole akutsika phiri n'kumayeza nyumba ya makolo ndi maso, werengani achibale musanawerenge njerwa, ndipo ndalama ya wa lendi muilandire chitseko chisanakhomedwe. Za 18 peresenti musadandaule kwambiri, aphungu ku Dodoma akhoza kuitsitsa tsiku lina akadzuka bwino. Msonkho wa achibale ndi 100 peresenti, ulibe lisiti, ndipo palibe nyumba ya malamulo imene ingaukhudze.