Zotsalira M'makina

AGOGO: Mkazi wanga, chibwerereni kuchokera ku Blantyre wangoti maso tong'o pa kagalasi kakoko. Nsima yazizira, kalongonda wazizira. Muli maliro mmenemo?

TAMANDA: Ayi agogo, ndi pulogalamu. Amayi a banki m'khonde aja anandipempha kuti kaundula wa ngongole zawo azikhala pa kompyuta, koma mobisika, kuti ngakhale wakuba atatenga laputopu asawerenge kanthu. Kubisa ikubisa ndithu, koma ndikati nditsegule, dzina lomaliza likuduka.

AGOGO: Lomalizalo ndi la ndani?

TAMANDA: La agogo aakazi.

AGOGO: Ndiye makinawo ali bwinobwino. Tseka tidye.

TAMANDA: Agogo inu! Ndikugwiritsa ntchito OpenSSL. Ndi nkhokwe ya zida zobisira uthenga, imene olemba mapulogalamu amatapamo mwaulere. Inayamba mu 1998, kuchokera pa ntchito ya Eric Young ndi Tim Hudson a ku Australia. Mukaona kaloko kakang'ono pa intaneti, nthawi zambiri kuseri kwake kumakhala iyoyo.

AGOGO: 1998? Ine ndinali kale kapitawo kufakitale ya tiyi, azungu akowo akuphunzira kumene ntchito. Longosola, koma usandilankhulire chizungu.

TAMANDA: Muli tizigawo totchedwa BIO. Tina ndi poyambira kapena pothera, monga fayilo. Tina ndi masefa: uthenga umalowa, n'kutuluka utasinthika. Ndimatilumikiza pamzere ndi lamulo lotchedwa BIO_push. Wanga uli ndi tizigawo titatu. Koyamba kamasokoneza mawu ndi kiyi, mwa njira ya AES. Kachiwiri, Base64, kamasandutsa zosokonezekazo kukhala zilembo wamba zoti n'kutumizika. Kachitatu ndi fayilo.

AGOGO: Basi? Sukulu yonse ija, mbuzi zanga zinapita, kuti akuphunzitse fakitale? Ifetu tsamba likachoka kumunda limayamba lafota usiku wonse. Kenako makina a CTC amalidula n'kulinyenya, lipume mpaka lisinthe mtundu, lilowe mowumitsira, lisefedwe, kenako m'matumba ulendo wa ku okushoni ku Limbe. Ukayamba ndi kuwumitsa usanadule, ngakhale galu sangamwe.

TAMANDA: Galu samwa tiyi, agogo.

AGOGO: Wa bwana wathu ankamwa, wa mkaka. Pitiriza.

TAMANDA: Za ndondomekozo mwalasa. Ndikaika Base64 patsogolo, fayilo imatuluka ya zinthu zosawerengeka m'malo mwa zilembo, ndiponso yotsegulira kwinako isokonezeka. Koma mzere wanga umaposa wanu pa chinthu chimodzi: umabwerera. Powerenga, uthenga umachoka mufayilo, Base64 n'kuumasula, kiyi n'kuutsegula, dzina la agogo aakazi n'kuoneka.

AGOGO: Tsoka ilo. Ndiye ukuti tiyi wa m'kapu angabwerere kukakhala tsamba pa Lauderdale?

TAMANDA: Ngati muli ndi kiyi. Komabe ilipo sefa ina yosabwerera. Imeneyo uthenga imangoudutsitsa osausintha, koma imasunga chidindo chake, monga cha SHA-256. Wina akasintha nambala imodzi yokha, chidindo chimasiyana.

AGOGO: Ameneyo ndi kalaliki wa pasikelo. Sathyola, sanyamula, koma ndi amene anthu amamuopa. Tsono tandiuza, ukamaliza kuthira masamba ako, makinawo umangowazimitsa?

TAMANDA: Ndikalemba dzina lomaliza ndimatseka, basi.

AGOGO: Osapukusa kaye kuti zotsalira zituluke?

TAMANDA: Zotsalira ziti?

AGOGO: Mayo ine, mbuzi zanga! Makina aliwonse amasunga kanthu m'mimba. Ife poweruka sitinkangothimitsa ayi. Lamba ankayenda kaye wopanda katundu mpaka tsamba lomaliza ligwe. Ukalisiya mmenemo, mawa sikelo siikwana ndipo kapitawo ndiwe wakuba.

TAMANDA: Dikirani... AES ndaiika kuti izigwira ntchito m'timitolo ta mabayiti 16. Mtolo womaliza ukakhala wosakwana, sefa imaugwira kudikira zina. Nayo Base64 imatenga atatuatatu n'kutulutsa zilembo zinayi, ndiye imasunganso zake. Sindinaitane BIO_flush! Ndiye lamulo louza mzere wonse kuti ukhuthule zotsala.

AGOGO: Ine sindinamve chilichonse, koma ndaona kuti ndapambana.

TAMANDA: Taonani, dzina latuluka lonse. Ngongole yake ndi iyi.

AGOGO: Usawerenge mokweza, ali kuseri kwa khitchini. Tabwezeretsa mmene zinalili muja.

TAMANDA: Sizitheka, agogo. Kwatsala kungokonza pamalo. Pali BIO_pop yochotsera kachigawo kamodzi pamzere, tina n'kulumikizana tokha. Koma pomaliza ndiyenera kugwiritsa ntchito BIO_free_all. Ndikangoti BIO_free, kamodzi kokha ndiko kamachoka, tinato timatsala tikudya malo mu kompyuta mpaka pulogalamu itatsekedwa.

AGOGO: Ako aja amadya osagwira ntchito ndimawadziwa, ena ndinabereka ndekha. Nanga azungu a ku Australia aja salakwitsa?

TAMANDA: Amene anapitiriza ntchitoyo analakwitsapo. Mu 2014 kunapezeka bowo lotchedwa Heartbleed. Munthu ankatha kufunsa kompyuta ya eni ake kuti imubwezere zambiri kuposa zimene watumiza, iyo n'kumupatsa, nthawi zina pamodzi ndi makiyi achinsinsi. Dziko lonse linathamanga kukasintha maloko.

AGOGO: Ndiye kuti analibe kalaliki wa pasikelo. Tsopano tikambe za malipiro. Katswiri wakuthandiza, ndipo katswiri sadya zikomo.

TAMANDA: Ndikutumizirani pa Mpamba.

AGOGO: Pa foni iti? Foni amasunga ndi agogo ako, ndi nambala yachinsinsi yomwe. Ndalama ikalowa mmenemo imadutsa sefa imodzi yokha, ndipo kwa ine sikutuluka ngakhale fumbi. Undipatse pamanja, kuseri kwa nkhokwe, dzuwa likalowa.

TAMANDA: Nanga akafunsa?

AGOGO: Uwauze kuti wagula mabayiti 16.