Sitima ya a Kapiteni a pa Mlangeni

Pa Mlangeni palibe nyanja. Madzi aakulu amene anthu a kuno amawadziwa ndi aja amadikha pamsika mvula ikagwa, ndipo ochepa amene anaionako nyanja anapita paulendo wa sukulu ku Senga Bay, n'kubwerako ndi chimfine komanso nkhani yokamba mpaka ukalamba. Komabe pamalo onsewa, kuyambira pachigayo mpaka kumene anyamata ophunzira zaupolisi amathamangira m'mamawa, palibe munthu wodziwa zapamadzi kuposa a Kapiteni.

Mbiri yawo, monga amaifotokozera okha pa bawo la kuseri kwa tiirumu, ndi yoti anagwirapo ntchito pa Ufulu, sitima yonyamula mafuta pa Nyanja ya Malawi. Musafulumire kuseka, sitimayo ndi yeniyeni. Inayamba ntchito m'zaka za m'ma 1980, nthawi imene nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala, dziko lino n'kuyamba kuyang'ana kumpoto, ku Dar es Salaam. Mafuta ankadzera ku Mbeya kufika padoko la Chilumba ku Karonga, ndipo kuchoka apo nyanja inkawasenza mpaka pa Chipoka ku Salima, pamene pali njanji. Yotchuka inali Ilala, imene inayamba kuyenda mu 1951, chifukwa imanyamula anthu, nkhuku ndi matumba a usipa, ndipo ikaimba huta mudzi wonse umatsikira kugombe. Ufulu panalibe woikupizira mpango. Inkafika, kupopa mafuta, n'kubwerera, ikununkha dizilo.

Chimene chimavuta kuchigwira ndi udindo wa a Kapiteni pa sitimapo, chifukwa umayendera mizere ya pa filing'i. Mafuta akakhala mbwee, amavomera kuti ankathandiza wophika. Galimoto zikayamba kugona pamzere ku Ntcheu boma, amakwezedwa n'kukhala woyang'anira injini. Vuto likalowa sabata yachitatu, ndiwo ankagwira chiwongolero, ndipo mwera ukamva kuti iwo ali pantchito unkaleza. Akazi awo, aNangozo, amati bambowa anakhalako ku Monkey Bay nyengo imodzi akupala dzimbiri ndi kupaka penti. Koma aNangozo sapita ku bawo.

Akasowa womvetsera amabwerera ku 1914. Nkhaniyo ndi yoona: mu Ogasiti chaka chimenecho sitima ya Angerezi, Gwendolen, inakaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda ikukonzedwa ku Sphinxhaven, kumene lero kumatchedwa Liuli. Mkulu wa sitima ya Ajeremani sankadziwa n'komwe kuti nkhondo yayamba, moti anapalasa bwato kukafunsa mnzake wa sitima ya Angerezi ngati waledzera. Vuto ndi lakuti a Kapiteni amaikamba akuti "ife", ndipo amaloza pamene anaima.

Sitima imene tonse tinaiona ndi maso ndi ina: Ufulu Wachiwiri, njinga yakapalasa ya Humber, dzina lake lolembedwa ndi penti yoyera pa madigadi. Inalowa ntchito mu 2011, chaka chija mafuta ndi ndalama zakunja zinasowera limodzi mpaka anthu anayenda m'misewu pa 20 Julaye. Imasenza zigubu zinayi za malita 20, ziwiri m'mbali, ziwiri pakaliyala, zomangidwa ndi mphira. Ulendo wake ndi wa kutsidya, ndipo kuno kutsidya si kutali: nkhuku imatha kutola chakudya ku Mozambique n'kudzaikira ku Malawi. Imanyamuka tambala woyamba, imabwera nkhungu isanayere, a Kapiteni akuikankha pachitunda uku akulankhula nayo mwaulemu.

Masiku amenewo ndi amene mungaonere ulemu wa pa Mlangeni. Munthu amene chaka chonse amangotchedwa "madala a njinga aja" amasanduka m'bale wa aliyense. Abwana a galimoto yakuda magalasi, amene amadutsa pano osayankha ndi moni womwe, amaima, kutsitsa galasi, mwinanso kutsika kumene.

"Amalume, mwaswera bwanji? Nanga azakhali kunyumba?"

"Taswera, bwana. Kaya inu anzathu apamtunda."

"Ifenso. Paja mwendo uja unapola?"

Mwendo wa a Kapiteni sunadwalepo chibadwire, koma amayankha kuti ukupezako bwino, chifukwa akudziwa kuti funso lenileni lili m'buti, m'chigubu chobisidwa kunsi kwa chitenje. Anyamata a kabaza ali ndi kafunsidwe kawo: "Bwana Kapiteni, nyanja ili bwanji lero?" Akati kuli bata, ndiye kuti mtengo ndi wadzulo. Akapukusa mutu n'kunena kuti kwadzuka mafunde, mnyamata amayamba kuwerenga ndalama kachiwiri. Pamaliro amapatsidwa mpando wokhala ndi chotsamira, pafupi ndi amfumu, ndipo mbale ya chiwindi imalakwitsa njira n'kukathera kwa iwo. Mkulu wina wampingo analalikira Lamlungu motsutsa odyera anzawo masuku pamutu, maso ali pa benchi ya a Kapiteni. Lolemba m'mawa anatuma mdzukulu ndi botolo, ndi uthenga woti ulaliki uja sunali wa munthu mmodzi.

Pa nthawi yotere tauni yonse imasanduka akatswiri. Mathankala akamadutsa pa M1, amuna amaimika bawo n'kutchera khutu. Wina amati ili ndi lodzaza, mwamva kulira kwake. Wina amatsutsa, amati ndi lopanda kanthu, likubwerera ku Beira. Wachitatu, amene alibe ngakhale wilibala, amafotokoza chimene bungwe loona za mafuta la MERA lilengeze mawa, ndipo amatero ndi nkhope ya munthu amene wangochoka kumsonkhanoko. Boma linamanga nkhokwe za mafuta ku Matindi, ku Kanengo ndi ku Sonda, zokwana malita 60 miliyoni zonse pamodzi. Pa Mlangeni timadziwa kuti pali nkhokwe yachinayi, kunsi kwa bedi la a Kapiteni, ndipo iyo yokha ndiyo timaidziwa nthawi yotsegulira.

Za muyeso tisanene zambiri. Botolo la a Kapiteni la malita asanu linaphwanyikira mkati kalekale, ndipo amati ndi chilonda cha kunkhondo. Njinga yamoto ikamwa mafuta awo n'kuyamba kutsokomola ngati nkhalamba ya fodya wa chingambwe, iwo amati ndi mphepo ya kuno kumapiri, injini za masiku ano sizipirira chisanu. Za palafini amakana kwamtuwagalu. Ogulawo amadandaula ali kutali, akafika pafupi amavula chipewa.

Monga sitima iliyonse ya mbiri, Ufulu Wachiwiri inachitapo ngozi. M'mawa wina wa nkhungu inawombana ndi ngolo yodzaza kachewere, chigubu chimodzi n'kuphulika pakamwa. Nkhani inafika kumsika ng'ombe zisanaime n'komwe. Anthu amene sabwera pa chitukuko cha njerwa ngakhale amfumu alize belu katatu anatulukira ndi mabeseni, makapu, wina ndi poto wa phala. Pamenepo ndi pamene a Kapiteni anaonetsa kuti mwina ku Monkey Bay kuja anaphunzirako kanthu. Anakuwa mawu amene sitinawamvepo, anabweza khamu lonse, n'kuzula ndudu pakamwa pa mwini ngolo, munthu wamkulu msinkhu kuposa iwo. Apa ine ndimawaikira kumbuyo. Mu Novembala 2016 ku Caphiridzange, m'chigawo cha Tete, thankala lochokera ku Beira kubwera kuno linaphulika anthu akutunga mafuta, ndipo anafa oposa 70. Pa Mlangeni tsiku la ngozi ya njinga lija anthu anabwerera ndi mabeseni ouma, akung'ung'udza kuti madalawa ndi oumira.

Njingayo inalowa m'galaja kwa wowotcherera, inatuluka ndi kaliyala wa zitsulo za pawindo ndi masipoko a njinga yamoto. Koma nyengo inali itasintha. Mafuta atasowanso mu 2022, kunabwera anyamata a njinga zamoto amene amapita kutsidya katatu a Kapiteni asanafike n'komwe pachitunda choyamba. Ufulu Wachiwiri inatsitsidwa udindo, n'kukhala yongothandizira: kulandira zigubu kwa anyamatawo n'kuzifikitsa kuseri kwa magolosale. A Kapiteni amati ngakhale pankhondo sitima za mizinga zimadalira kasitima konyamula mafuta, ndipo pamenepa sakunama. Anyamatawo amangoti, "Chabwino agogo, koma fulumirani."

Chodabwitsa n'chakuti pa bawo lonse palibe amene anafunsapo chifukwa chake dziko lokhala ndi nyanja yotalika makilomita oposa 500, madoko ndi njanji, limayendetsa mafuta ake ambiri pa mateyala. Funso limene limafunsidwa ndi limodzi: mawa abwera?

Mafuta akangobwerera pa filing'i, ubale wonse umatha tsiku lomwelo. Galasi lakuda limakwera, amalume amabwerera pa "madala a njinga aja", ndipo pamaliro amakhala pa njerwa, chiwindi chikuwadutsa pamaso. Iwo sakwiya. Amati wapamadzi amadziwa kudikira mphepo.

Pakali pano Ufulu Wachiwiri ikunyamula kabichi kupita ku Lizulu, ndipo a Kapiteni abwerera pa udindo wa wothandiza wophika. Zigubu zija aNangozo akutungira madzi a pakhomo. Mukadzadutsa pa Mlangeni iwo n'kukuitanirani tiyi, thokozani mwaulemu, munene kuti mwamwa kale.